Mlandu wa Moni pa Basi ya ku Joni

Pakati pa anthu ochita malonda odutsa malire, amene ku Malawi amangotchedwa a geni, pali mtundu wina wa macheza umene umabwerezedwa pafupifupi pa ulendo uliwonse wa basi yochokera ku Johannesburg kubwerera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo ngakhale ochezawo amasintha sabata ndi sabata, mlandu umene amazenga umakhala umodzimodzi, wakuti n'chifukwa chiyani anthu a mumzinda waukuluwo amaumira moni. Mzindawo Amalawi amautchula kuti Joni, dzina limene linabwera ndi amuna amene ankalembedwa ntchito ya m'migodi ya golide kudzera ku bungwe la Wenela, lomwe dzina lake lidakalipo mpaka lero pa malo okwerera mabasi mumzinda wa Blantyre. Choncho munthu wa geni akamanyamuka kukaoda mabulangete, nsapato, mafuta odzola kapena zipangizo za galimoto, amalowera kumene agogo ake ankalowera, kusiyana kwake n'kwakuti agogowo ankapita kukagulitsa mphamvu za m'manja pamene mdzukuluyo amapita kukagula katundu.

Macheza amenewa sayamba basi ikangonyamuka. Kuchokera ku Johannesburg kukafika pa chipata cha Beitbridge, pamene mtsinje wa Limpopo umalekanitsa South Africa ndi Zimbabwe, aliyense amakhala duu, mtima uli pa pasipoti, pa masiku 30 amene Mmalawi amaloledwa kukhala m'dzikomo popanda viza, ndi pa katundu amene wapakiridwa m'ngolo yokokedwa kumbuyo kwa basi. Malilime amamasuka basi ikaoloka mlatho n'kugwira msewu wa ku Masvingo ndi Harare, kamba akayamba kutuluka m'zikwama, ndiponso anthu amene mumzinda muja ankayenda ngati osadziwana akayamba kuitanana kuti asisi, achimwene ndi amayi. Kuyambira pamenepo, kudutsa pa Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete mpaka kukafika pa Zobue ndi Mwanza, pamakhala maola okwanira kuzenga mlandu, kuugamula, kuchita apilo ndi kuuyambanso.

Anthu a m'basi amagawika pawiri popanda wowagawa. Mbali yoimba mlandu imakhala ya amene angoyamba kumene geni, omwe bala la kusayankhidwa likadali laliwisi, pamodzi ndi amayi achikulire amene ayenda ulendowu kwa zaka zambiri koma sanavomerezebe kuti munthu angadutse mnzake ngati akudutsa chitsa. Mbali yoikira kumbuyo mzinda imatsogoleredwa ndi mtchona, kutanthauza munthu amene anapita kunja kukagwira ntchito n'kukhalitsako mpaka kwawo anayamba kumuiwala, ndipo basi ya ku Joni siisowa mtchona mmodzi amene akubwerera ndi firiji, wailesi yaikulu ndi Chichewa chosakanikirana ndi Chizulu. Mawu amene mbali ziwirizi zimaponyerana ndi akuthwa, koma sapsetsa mtima, chifukwa amayenda pa lamulo la chisuweni, ubale umene umalola ana a munthu ndi ana a mlongo wake kunyogodolana poyera popanda wokadandaula kwa mfumu. Mwini mlandu, munthu wa ku South Africa, kawirikawiri sakhalamo m'basimo, ndipo mtchona amadzipatsa yekha udindo wa kazembe wa Joni, ntchito imene palibe anamulemba ndipo palibe amene adzamulipire.

Kuti mlanduwu umveke bwino, pafunika kukumbukira kuti moni wa Chichewa ndi mwambo wa magawo angapo umene umatchedwa kulonjerana: wamng'ono amanyonyomala kapena kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere, wina amafunsa za kudzuka kapena kuswera malinga ndi pamene dzuwa lafika, mnzake amayankha n'kubweza funsolo, kenako amafunsana za amene atsala kunyumba, ndipo nkhani imene yamubweretsa munthu imatuluka pamapeto penipeni. Wofunsa njira asanalonjere amaonedwa ngati wosaleredwa bwino, ndipo wosayankha moni amaganiziridwa zoipa zoposa pamenepo. Ndi muyeso umenewu mayi wina wa geni ya mabulangete amatsegula mlandu, ndipo mawu ake amakhala ofanana ndi awa:

"Achimwene, inu mwakhalitsa kumeneko, tandiuzeni, anthu aja pakamwa pawo ndi pongodyera basi? Ine ndinaima pa Park Station thumba lili pamutu, ndinapereka moni kwa anthu asanu ndi awiri, mmodzi yekha ndiye ananditembenukira, nayenso ankayang'ana thumbalo."

Mtchona, amene funsoli analiyankhapo kambirimbiri, sachedwa nalo:

"Amayi, musawanamizire eni dziko. Moni wanu uja ndi kalembera. Mwadzuka bwanji, ana adzuka bwanji, abambo kunyumba, mbuzi, mvula yagwa bwanji kwanuko. Munthu akamaliza kuyankha zonsezo sitima ya ku Soweto yapita, ntchito yamuthera, ndipo inu simunafunsebe njira imene mumafuna ija."

Yankho limeneli, ngakhale limaperekedwa moseka, lili ndi masamu ovuta kuwatsutsa. Munthu wa m'mudzi wa mabanja 40 akhoza kulonjera aliyense wokumana naye n'kufikabe kumunda mame asanakamuke, koma wodutsa pa siteshoni yaikulu, amene angaphonyane ndi anthu 1,000 m'mawa umodzi, atati apatse aliyense mphindi imodzi yokha angafunike maola oposa 16. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu pafupifupi 4.8 miliyoni mumzinda wa Johannesburg, pamene wa ku Malawi wa mu 2018 anapeza kuti Lilongwe anali asanakwanitse 1 miliyoni, Blantyre anali ndi anthu pafupifupi 800,000, ndipo Amalawi 84 mwa 100 aliwonse ankakhala kumudzi. Katswiri wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu wa ku Germany, Georg Simmel, amene ankakhala ku Berlin, anafotokoza mu 1903 kuti munthu wa mumzinda waukulu amavala nkhope youma podziteteza, chifukwa atati mtima wake uzigwedezeka ndi munthu aliyense wokumana naye monga zimachitikira m'tauni yaing'ono, mutu ungamusokonekere. Mu 1970 katswiri wa za maganizo wa ku New York, Stanley Milgram, anaonjezera kuti ubongo ukachulukidwa ndi zoona ndi zomva umayamba kusefa, kotero kuti munthu amachepetsa nthawi imene amapatsa aliyense ndipo amanyalanyaza zimene sizikumukhudza. Mtchona wa m'basi sanawerengepo Simmel kapena Milgram, koma mfundo yawo amaifika asanamalize kumwa botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi.

Mboni yachiwiri ya mbali yoimba mlandu imakhala bambo wa ku Ntcheu wogulitsa zipangizo za galimoto, amene dandaulo lake lili ndi mbiri kumbuyo kwake. Makolo a Angoni a ku Ntcheu ndi a ku Mzimba anachoka kumwera m'zaka za m'ma 1820, m'nthawi ya nkhondo za Shaka, ndipo gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi mu 1835. Choncho Mngoni akamapita ku South Africa amadzimva kuti akupita kwawo kwa makolo.

"Ine ndinanyamuka ndi mtima wakuti ndikupita kwa agogo," amatero bamboyo, "ndinkaganiza kuti andiphera ng'ombe, koma ngakhale madzi akumwa ndinachita kugula."

"Malume," amayankha mtchona, "munachoka osatsanzika zaka pafupifupi 200 zapitazo, chilankhulo munakasinthanitsa ndi mbatata ya kachewere pa Lizulu, lero mukufuna akuzindikireni ndi chiyani?"

Apa basi yonse imagwa ndi phwete, pamodzi ndi Mngoni yemweyo, amene amabwezera pokumbutsa anthu kuti moni wa Chizulu, sawubona, umachokera ku liwu lotanthauza kuona, ndipo amafunsa kuti zingatheke bwanji anthu amene moni wawo ndi wakuti takuona kukhala akatswiri osaona munthu. Nthabwala imeneyi mtchona alibe nayo yankho, ndipo amangoti eish, liwu la ku Joni limene limagwira ntchito ya kudandaula, kudabwa ndi kugonja komwe.

Nkhani ya kufunsa njira ndiyo imatenga mtunda wautali kwambiri, nthawi zina kuchokera ku Masvingo mpaka ku Harare. Oimba mlandu amanena kuti liwu loyamba la Chizulu limene mlendo amaphunzira ndi angazi, kutanthauza kuti sindikudziwa, ndipo amaliphunzira msanga chifukwa ndi limene amalimva kawirikawiri, lonenedwa ndi munthu amene sanachepetse n'komwe liwiro la miyendo yake. Oikira kumbuyo mzinda savutika kulikana, koma amatembenuzira mlanduwo kwa Amalawi, amene amati sanabadwe ndi liwu lakuti sindikudziwa, chifukwa kukaniza mlendo yankho kumaoneka ngati mwano. Munthu wa ku Malawi akafunsidwa malo amene sanawamvepo amaloza ndi mlomo n'kunena kuti ndi pompano, mukangokhota pa mtengo wa mango uwo, ndipo ngati ali ndi nthawi, imene kawirikawiri amakhala nayo, amamuperekeza mlendoyo mpaka onse awiri atasochera limodzi.

"Kusiyana kwake n'kochepa, asisi," amatero mtchona. "Wa ku Joni amakutayani pamene mwaima pomwepo, wa kwathu amakakutayani mwaulemu makilomita asanu kutsogolo, kenako mumuthokoze."

Chimene mbali yoimba mlandu imachedwa kuvomereza n'chakuti angazi uja nthawi zambiri amakhala woona. Misewu ingapo ya pakati pa mzindawo inasintha mayina, monga Bree umene tsopano ndi Lilian Ngoyi, kotero kuti wofunsa akhoza kutchula dzina limene lili pa chikwangwani pamene wofunsidwa amadziwa lakale, kapena mosemphanitsa. Kuonjezera apo, dziko la South Africa lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka ndi boma, ndipo munthu amene waimitsidwa pamsewu akhoza kukhala Mvenda wa ku Limpopo, Mxhosa wa ku Eastern Cape, kapena mlendo mnzake wochokera ku Bulawayo, ku Maputo kapena ku Addis Ababa amene nayenso akufunafuna womuuza njira.

Mfundo imeneyi imafika pa muzu wa nkhani, umene ochezawo amaukhudza mongodutsa. Mwambi wakuti mlendo ndi mame, umene umalimbikitsa kusamala mlendo chifukwa sachedwa kuchoka, umagwira ntchito pamene pali mwini mudzi amene akudziwa kuti bwalo ndi lake, nkhuku ndi yake, ndipo manyazi a mlendo wogona ndi njala adzagwera iye. Johannesburg ndi mzinda umene unayamba mu 1886 golide atapezeka, ndipo pafupifupi aliyense anafikamo ngati wofuna ntchito. Lamulo la mu 1923 lokhudza anthu akuda m'matauni linakhazikika pa ganizo lakuti munthu wakuda ndi wongodutsa mumzinda, wololedwa kukhalamo pokhapokha akugwirira ntchito Azungu, ndipo malamulo a mapasi, amene ankakakamiza munthu kuyenda ndi kabuku koonetsa kuti ali ndi chilolezo chokhala pamalopo, anathetsedwa mu 1986. Kwa zaka zoposa 60 amene akanakhala eni bwalo ankauzidwa ndi boma kuti nawonso ndi mame, ndipo funso lochokera kwa munthu wosamudziwa pamsewu, lakuti ukuchokera kuti ndipo ukupita kuti, linali funso la wapolisi. Mafunso omwewo, amene kwa Mmalawi ndi chizindikiro cha chikondi, mumzinda umenewu ali ndi mbiri ina.

Mlandu wa odi umazengedwa mwachangu. Odi ndi liwu limene mlendo amanena akafika pabwalo la nyumba, ndipo mwini nyumba amayankha kuti odini kapena lowani. Amayi amene anapitako kukaona abale ogwira ntchito m'nyumba za kumpoto kwa mzindawo amadandaula kuti kumeneko odi amanenedwa kwa khoma, podina kabatani, ndipo woyamba kuyankha amakhala galu. Mtchona amangofunsa ngati wina m'basimo anayesapo kunena odi ku Area 43 ku Lilongwe kapena ku Namiwawa ku Blantyre, kumene mlonda amasuzumira pa kabowo ka geti n'kulengeza kuti bwana achokapo, pamene galimoto ya bwanayo ikuoneka pansi pa geti lomwelo.

Pali umboni wina umene mbali yoimba mlandu imaupereka yokha mosazindikira, ndipo ndi umene umaigwetsa. Mayi aliyense amene wayenda ulendowu kangapo amakhala ndi malangizo amene amapatsa wongoyamba kumene basi isanafike: ndalama amangire m'chiuno mkati mwa zovala, foni asaitulutse pamsewu, asayang'ane m'mwamba kusirira nyumba zosanjikizana chifukwa akatero aliyense adziwa kuti ndi wobwera, ayende mofulumira ngati akudziwa kumene akupita, ndipo koposa zonse, munthu akamupatsa moni wokoma asaime. Chifukwa cha langizo lotsirizali n'chodziwika, pakuti mbava ndi akathyali a pakati pa mzinda amayamba ntchito yawo ndi ulemu, podzipereka kunyamula katundu kapena kulondolera sitolo yotsika mtengo, ndipo m'malo otero moni wochokera kwa munthu wosamudziwa umakhala ngati nyambo ya pa mbedza. Zotsatira zake n'zakuti Amalawi awiri, wina wa ku Mangochi wina wa ku Mulanje, akhoza kuphonyana mu Small Street, msewu wopapatiza wodzaza ndi masitolo, aliyense atakwinya nkhope ndi kukumbatira chikwama, n'kudzakhala pa mpando umodzi m'basi yobwerera, kumene onse awiri amachitira umboni kuti anthu a ku Joni sapereka moni. Mtchona akafika pa mfundo imeneyi amafunsa mayi wa mabulangete kuti iye analonjera anthu angati pa msika wa maoda wa China Mall, ndipo mayiyo amayankha kuti iye anali ndi chifukwa, popeza anali atanyamula mpamba wonse wa banja; mtchonayo amangoti anthu 4.8 miliyoni aja nawonso aliyense anyamula wake.

Malo amene kazembe wa Joni amapambanirapo kwenikweni ndi takisi, dzina limene kumeneko amaitanira minibasi. Mumsewu momwe anthu sayang'anana, munthu amaimitsa takisi ndi chala, kuloza m'mwamba ngati akupita m'tauni, kuloza pansi ngati akutsikira pafupi, ndipo akalowa amayembekezeredwa kulonjera amene wawapeza kuti sanibonani, iwo n'kuyankha pamodzi. Kondakitala kawirikawiri sakhalamo. Ndalama zimasonkhanitsidwa mzere ndi mzere, zimadutsa m'manja mwa anthu osadziwana mpaka kwa amene wakhala pafupi ndi dalaivala, ndipo iyeyo, afune asafune, ndiye amawerengera ndi kubweza chenji, chimene chimayendanso dzanja ndi dzanja mpaka kwa mwini wake kumpando wakumbuyo. Mlendo wosadziwa amene amathamangira mpando wakutsogolo poganiza kuti ndi wa ulemu amapezeka atagwira ntchito ya msungichuma wa anthu 15 ndi ndalama imene sanaizolowere, ndipo nkhani za thukuta la pa mpando umenewo ndi zimene zimaseketsa kwambiri m'basi.

"Taonani tsono, amayi," amatero mtchona. "Kumene sapereka moni chenji chanu chimadutsa m'manja khumi n'kukupezani chathunthu. Kwathu kondakitala amakutchulani mayi anga, amakufunsani za ana, amati chenji ndikupatsani potsika, ndipo potsikapo mumapeza kuti iye watsika kale."

Chitsanzo cha takisi chimaonetsa kuti moni mumzinda waukulu sunafe, koma unasamukira m'malo aang'ono momwe anthu ndi owerengeka ndipo akhala limodzi kwa kanthawi: m'takisi, m'tchalitchi, pa mzere wa kuchipatala, mumsewu wa ku lokeshoni kumene anansi amadziwana mayina. Katswiri wina, Erving Goffman, mu 1963 anatchula khalidwe la pamsewu wodzaza kuti ndi kusalabadira kwaulemu, kutanthauza kuti munthu amaponya diso kamodzi kusonyeza kuti mnzakeyo wamuona, kenako amalichotsa kusonyeza kuti sakumulondalonda. Kwa mwini mzinda kumeneko ndi kulemekezana, pamene kwa mlendo wochokera kumene diso lochotsedwa msanga limatanthauza chidani kapena ngongole, ndi chipongwe. Mlendo amaweruza mzinda poona malo amene iye amafikako, omwe ndi siteshoni, misika ya maoda ndi misewu ya pakati pa tauni, ndipo amenewa ndi malo amene eni ake amadutsamo atatseka nkhope kuposa kwina kulikonse.

Komabe oimba mlandu ali ndi chida chimodzi chochokera kwa ophunzira, chimene mphunzitsi wopuma pantchito kapena wophunzira wa ku yunivesite amene wakwera nawo amatha kuchitulutsa. Mu 2001 Robert Levine ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'mizinda ikuluikulu ya m'maiko 23, momwe ofufuza ankagwetsa cholembera ngati mwangozi, ankayenda motsimphina n'kugwetsa magazini, kapena ankadzionetsa ngati osaona ofuna kuoloka msewu, n'kuwerenga kuti ndi anthu angati amene ankathandiza. Mzinda wa Rio de Janeiro unali woyamba, San José wa ku Costa Rica wachiwiri, ndipo wachitatu unali Lilongwe, pamene New York ndi Kuala Lumpur inali kumapeto. Johannesburg sunali m'gulu la mizinda imene inayesedwa, koma zimenezo siziletsa amayi a m'basi kululutira ngati chikho chabwera kunyumba. Chosangalatsa n'chakuti kafukufukuyo amavutitsa mbali zonse ziwiri, chifukwa kukula kwa mzinda sikunafotokoze bwino kusiyanaku, zimene zimafooketsa masamu a mtchona, ndipo chimene chinaoneka poyera n'chakuti mizinda ya m'maiko olemera inkathandiza mochepa kuposa ya m'maiko osauka.

"Ndiye kuti chikho chathucho tinachipata ndi umphawi," amatero mtchona. "Kwacha ikadzangolimba, amayi, mudzaona cholembera chikugona pamsewu mpaka madzulo."

"Ilimbe kaye, achimwene," amayankha mayi wa mabulangete, "za cholembera tidzakambirana."

Pali malire amene chisuweni cha m'basi sichidutsa, ndipo aliyense amawadziwa. Wina akatchula liwu lakuti makwerekwere, dzina lonyoza limene anthu ena a ku South Africa amaitanira Aafirika ochokera kumaiko ena, phwete limazilala, ndipo mtchona, amene wakhala akuyankha chilichonse, amayang'ana pawindo. Mu May 2008 ziwawa zolimbana ndi obwera zinayambira ku Alexandra, dera la mumzinda wa Johannesburg, n'kufalikira kumadera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa, ena mwa iwo nzika za South Africa zomwe. M'masiku amenewo magulu a anthu ankaimitsa munthu n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu, ndipo wolephera ankadziwika kuti ndi wobwera. Mu April 2015 ziwawa zinabukanso kuyambira ku Durban, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Apa mpamene kulongosola kwa Simmel ndi Milgram kumathera, chifukwa munthu wochulukidwa ndi khamu amangodutsa osayang'ana, pamene wachidani amaima, amayang'anitsitsa ndipo amafunsa mafunso. Anthu a geni, amene amadziwa nkhope zonse ziwirizi, sazisokoneza ngakhale pang'ono, ndipo ambiri mwa iwo anganene kuti pa masiku oipa amenewo angazi wa munthu wothamangira sitima anali mawu okoma kuwamva. Kuseka kumabwerera pang'onopang'ono, kawirikawiri wina akakumbutsa za mayi wa Chisuthu wa pa sitolo ya maoda amene sanamwetulirepo kwa zaka zisanu koma amasunga katundu wa makasitomala ake a ku Malawi osasowa ngakhale sokosi imodzi.

Basi ikamayandikira Mwanza mlandu umaimitsidwa wosagamulidwa, chifukwa mitima imabwerera ku malisiti ndi ku msonkho umene a MRA, bungwe lotolera misonkho ku Malawi, awerengere pa katundu, ndipo anthu amene usiku wonse amatamanda kumasuka kwa Amalawi amayamba kuyankha mafunso ndi mawu amodziamodzi. Mtchona amagwiritsa ntchito mpata umenewu kupereka umboni wake wotsiriza, wakuti mlandu womwewu umazengedwanso m'maminibasi ochokera ku Limbe kupita ku Phalombe ndi ochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, kumene oimbidwa mlandu amakhala anthu a m'tauni za ku Malawi, amene achibale awo a kumudzi amawanena kuti ndi odzikuza, oyenda ngati akuthamangitsidwa, ofunsa mlendo tsiku lobwerera asanamulandire katundu. Amayi amakana kuti zimenezo n'zosiyana, ndipo amalonjeza kuti adzamuyankha pa ulendo wa mwezi wamawa.

Pofika mu Blantyre anyamata onyamula katundu, oyendetsa matakisi ndi a kabaza amazungulira basi isanaime n'komwe, aliyense akupereka moni wa mtima wonse ndi kuitana kuti mayi anga, bwana, madala. Mayi wa mabulangete, amene kuchokera pa Beitbridge wakhala loya wa moni, amatsika atamanga chitenje cholimba m'chiuno, chikwama chili pachifuwa, maso ali pa ngolo ya katundu, ndipo mwa onse amene amamulonjera pamenepo sayankha ngakhale mmodzi mpaka mitolo yake yonse itawerengedwa.